Mafunso a Owerenga: Kubwerera M'zitsime Zakale za Mafuta ndi Paipi Yokulunga

Makalata angapo amene talandira mwezi uno akufunsa za njira yoboolera nthambi yopita cham'mbali kuchokera m'chitsime chakale cha mafuta pogwiritsa ntchito paipi yokulunga, imene akatswiri amaitchula kuti coiled tubing. Tasankhapo makalata asanu, ndipo tawafupikitsa kuti malo akwanire.

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti makampani ena amabwerera m'zitsime zimene mafuta ake anaphwa n'kuyambanso kuboola. Ngati mafutawo anatha, akukafunanso chiyani kumeneko? — Wowerenga wa nthawi zonse

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanuli. Mafuta a pansi pa nthaka sakhala m'dziwe kapena m'phanga ayi. Amakhala m'timipata ting'onoting'ono ta m'kati mwa miyala, makamaka ya mchenga ndi ya laimu, ndipo chimene chimawakankhira kuchitsime ndi pulesha ya gasi ndi madzi zimene zili nawo limodzi pansipo. Chitsime chikakhala chatsopano mafuta amakwera okha, koma zaka zikamapita pulesha ija imatsika, ndipo eni ake amayamba kupopera madzi kapena gasi pansi kuti akankhe mafuta otsalawo. Ngakhale atayesa zonsezi, mafuta amene amatuluka pa dziko lonse ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mafuta amene anali m'mwalamo poyamba. Choncho chitsime chikasiya kutulutsa, nthawi zambiri chimene chatha ndi mphamvu yokankha ndiponso mafuta amene anali pafupi ndi dzenjelo, pomwe ena ambiri akadali chikhalire pataliko.

Otsalawo amabisala m'malo odziwika bwino. Ena amatsekeredwa kuseri kwa ming'alu ikuluikulu imene inagawa mwalawo m'zigawo zosalumikizana, ena amakhala kumtunda kwa mwala wopendekeka kumene chitsime chakale sichinafike, ndipo ena amatsala m'mizere yopyapyala imene madzi opopedwa aja anailambalala potsata njira yosavuta. Palinso vuto lakuti chitsime choongoka chikamayamwa mwamphamvu pa malo amodzi, madzi a pansi pa mafuta amakwera n'kufika padzenje msanga, kenaka chitsimecho chimangotulutsa madzi okhaokha chikhalirecho mafuta ali pa mtunda wa mamita 200 kapena 300 kuchokera pamenepo.

Apa m'pamene nthambi yogona imathandiza. Tiyerekeze kuti mzere wa mwala wa mafuta ndi wochindikala mamita 10. Chitsime choongoka chimakhudzana nawo mamita 10 omwewo basi, koma nthambi imene yalowa mumzeremo n'kugona ikhoza kuyenda mamita 500 ili m'mafuta mokhamokha, ndipo poti imayamwa pang'onopang'ono pa mtunda wautali, madzi a pansi aja amachedwa kuipeza. Chifukwa chobwerera m'chitsime chakale m'malo moboola chatsopano ndi cha ndalama. Makilomita awiri kapena atatu a kumtunda anabooledwa kale, mapaipi achitsulo otchinga khoma la dzenje, amene amatchedwa casing, anamatidwa kale ndi simenti, ndipo mavalavu a pamwamba ndi mapaipi otengera mafuta kumalo osungira alipo kale. Chotsala n'kuboola mamita mazana ochepa okha a kumapeto, ndipo zikatero ngakhale kathumba kakang'ono ka mafuta, kamene sikakanabweza mtengo wa chitsime chatsopano, kamayamba kupindulitsa.

FUNSO: Ndauzidwa kuti paipi yokulungayi sizungulira. Nanga imaboola bwanji mwala, ndipo imatuluka bwanji m'chitsime chimene khoma lake ndi lachitsulo? — Mmisiri wa makina

YANKHO: Amene anakuuzaniyo sananame. Makina aakulu oboolera amene anthu ambiri amawadziwa amagwiritsa ntchito mapaipi a mamita 9 kapena 10 olumikizidwa ndi mazinga, ndipo amazunguza mndandanda wonsewo kuchokera pamwamba. Coiled tubing ndi paipi imodzi yachitsulo yopanda mfundo, yotalika makilomita angapo, yokulungidwa pa chigudumu chachikulu. Imene amaboolera nthawi zambiri imakhala ya mainchesi 2 kapena 2⅜ m'mimba mwake, kutanthauza masentimita 5 kapena 6. Ikamachoka pachigudumu imadutsa pa chitsulo chokhota chimene chimaiweramitsa kuti iloze pansi, kenaka imalowa m'makina otchedwa injector, momwe matcheni awiri okhala ndi zogwirira amaipana mbali zonse ziwiri n'kumaikankhira m'chitsime kapena kuikoka. Pansi pa injector pali mphira wolimba amene amaifungatira ikamatsetsereka kuti za m'chitsime zisatuluke, ndipo pansi pake pali mavalavu otha kutseka chitsime, ngakhale kudula paipiyo kumene, zinthu zikavuta.

Nzeru yokulunga paipi yachitsulo si yatsopano. Mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a Britain anayala mapaipi a mafuta pansi pa nyanja kuchokera ku England kukafika ku France pa ntchito yotchedwa PLUTO, ndipo ena mwa mapaipiwo anawakulunga pa zigudumu zikuluzikulu zoyandama. Makina oyamba olowetsera paipi yotere m'chitsime cha mafuta anapangidwa mu 1962 ndi makampani a Bowen Tools ndi California Oil Company, ndipo ntchito yake inali yongotsuka mchenga wotseka zitsime. Kuboolera mwa njira ya masiku ano kunayamba mu 1991, pamene kampani ya Elf inayesa ku Paris Basin m'dziko la France ndipo ya Oryx Energy inaboola nthambi yogona m'mwala wa Austin Chalk ku Texas m'dziko la America.

Poti paipi sizungulira, chimazungulira ndi biti yokha, mutu wa mano olimba umene umadya mwala. Kumbuyo kwa bitiyo kuli mota yopanda magetsi. M'kati mwake muli chitsulo chopotoka chimene chakhala m'chikuta cha mphira, ndipo madzi oboolera akamapopedwa kudzera m'paipi amachikakamiza kuzungulira. Thupi la motayo ndi lopindika pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, kotero kuti dzenje limakhotera kumene kupindikako kwaloza. Pofuna kusintha kolowera, chipangizo china chimene chili pamwamba pa mota chimaitembenuza pang'onopang'ono mpaka italoza kumene akufuna. Pamakhalanso zida zoyeza kupendekeka kwa dzenje, kumene lalunjika, mtundu wa mwala ndi pulesha ya pansipo, ndipo kawirikawiri uthenga wa zidazi umakwera kudzera pa waya wa magetsi amene anamulowetseratu m'kati mwa paipi monse, moti woboola ali m'kanyumba kake amaona pa kompyuta zimene zikuchitika makilomita atatu pansi pake nthawi yomweyo.

Kutuluka m'chitsime chakale ndiye ntchito yofuna kudekha kwambiri. Amayamba ndi kutsekera kumunsi kwa chitsimecho, kumene kukuchokera madzi, ndipo pa malo amene asankha amakhazikapo chitsulo chosongoka chokhala ndi nkhope yotsetsereka, chotchedwa whipstock, atachilozetsa mbali imene nthambi idzapite. Kenaka amatsitsa mutu wopala chitsulo m'malo mwa biti. Mutuwo ukafika pa whipstock umatsetserekera kukhoma n'kuyamba kulipala, ndipo kwa maola ambiri chimene chimabwera pamwamba ndi tizidutswa tonyezimira ta chitsulo, timene amatigwira ndi maginito n'kumatiyeza kulemera kuti adziwe mmene ntchito ikuyendera. Tizidutswa tachitsulo tikayamba kuchepa, m'madzi obwerawo mumaoneka simenti, kenaka mwala, ndipo apo amadziwa kuti khomo latseguka. Akatero amabwezeretsa biti n'kuyamba kukhota. Paipiyi imakhota mwamsanga kuposa mapaipi wamba, madigiri 30 kapena kuposerapo pa mamita 30 alionse, motero pa mtunda waufupi dzenje limakhala litagona kale m'mwala wa mafuta.

FUNSO: Ndikuphunzira za uinjiniya wa mafuta, ndipo aphunzitsi athu ananena kuti njirayi ndi yoyenera kwambiri miyala imene pulesha yake inatsika. Sindinamvetse bwino chifukwa chake. — Wophunzira

YANKHO: Funso lanuli ndi limene lili pamtima pa nkhani yonseyi, choncho mutilole titalikitseko. Mwa chizolowezi, poboola chitsime amadzaza dzenje ndi madzi osakaniza ndi dothi ndi mankhwala, amene oboola amangowatchula kuti matope, ndipo amaonetsetsa kuti kulemera kwake kukuposa pang'ono pulesha ya mumwala kuti mafuta ndi gasi zisaphulikire pamwamba. Madzi wamba amaonjezera pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyezo wa pulesha) pa mamita 10 alionse akuya, ndiye kuti pa mamita 3,000 amapanikiza mwala ndi ma bar pafupifupi 300. Mwala umene sunakhudzidwepo umakhala ndi pulesha yoyandikira pamenepo, ndipo zinthu zimayenda bwino. Tsono taganizirani mwala womwewo patapita zaka makumi atatu, pulesha yake itatsika kufika pa ma bar 100. Ngakhale mutaboola ndi madzi oyera opanda dothi n'komwe, mukuupanikiza mopitirira ndi ma bar 200, ndipo palibe chimene mungachotse m'madziwo kuti apepuke.

Zotsatira zake ndi zowawa. Matope amathawira mumwala m'malo mobwerera pamwamba, ndipo nthawi zina amathawa onse moti mapampu amangopopa popanda chobwera. Paipi ikatsamira kukhoma kwa mphindi zochepa imamatirira pomwepo, chifukwa matope akuikankhira kukhoma ndipo kuseri kwake kulibe mphamvu yoibweza. Choipa koposa n'chakuti matope olowa mumwalawo amatseka timipata tomwe tija timene mafuta amayenera kudzeramo, ndipo poti mwalawo ndi wofooka, sutha kuwalavula pambuyo pake. Kampani ikhoza kuboola nthambi yabwino yolunjika pa mafuta penipeni, koma n'kuipha ndi matope ake omwe isanatulutse mgolo ndi umodzi womwe.

Njira yothana ndi zimenezi ndiyo kupeputsa madzi oboolera powasakaniza ndi mpweya wa nayitirojeni, kapena kugwiritsa ntchito thovu kapena mafuta opepuka, mpaka pulesha ya m'dzenje itatsika kuposa ya mumwala. Akatswiri amaitchula kuti underbalanced drilling. Zikatero, m'malo moti matope alowe mumwala, mafuta ndi gasi ndi zimene zimalowa m'dzenje, ndipo chitsime chimakhala chikutulutsa uku chikubooledwa. Amasankha nayitirojeni chifukwa mpweya wamba uli ndi okosijeni, ndipo okosijeni akakumana ndi mafuta pa malo otentha ndi opanikizika angathe kuyatsa moto pansi pomwepo. Pamwamba, zonse zotuluka zimadzera m'valavu yochepetsa mphamvu kupita m'thanki yotseka imene imalekanitsa gasi, mafuta, madzi ndi tizibenthu ta mwala.

Ubwino wa paipi yopanda mfundo umaonekera apa. Ndi mapaipi wamba, mukaboola mamita 9, kapena 27 ngati munalumikiziratu mapaipi atatu, muyenera kuzimitsa mapampu kuti mulumikize ena, ndipo nthawi iliyonse mukazimitsa, mpweya umalekana ndi madzi, madziwo amatsikira pansi, ndipo poyambiranso pulesha imadumpha. Kudumpha kamodzi kokha kumatha kukankhira matope mumwala umene mwakhala mukuuteteza kwa masiku ambiri. Paipi yokulunga ilibe cholumikiza, motero mapampu sazima poboola, ndipo ngakhale poitulutsa kapena kuilowetsa amatha kumapopabe, mphira wa pansi pa injector uja atagwira pulesha ya chitsime. Waya wa m'kati uja nayenso ndi wofunika pano. Zida zambiri za m'zitsime zimatumiza uthenga pogwedeza pulesha ya matope, koma madzi osakaniza ndi mpweya amameza kugwedezako, ndiye popanda waya woboola sangadziwe kumene biti yaloza.

Komabe musachoke pano mukuganiza kuti kupeputsa pulesha ndi mankhwala a chitsime chilichonse. Miyala ya dongo lolimba imene imakhala pamwamba kapena pakati pa mizere ya mafuta sitsika pulesha mofanana ndi mwala wa mafutawo, ndipo mukaichotsera chochirikiza imagumukira m'dzenje. Mwala wa mchenga wosagwirana bwino umachitanso chimodzimodzi. Kumene kuli gasi wa poizoni wotchedwa hydrogen sulphide, kulola chitsime kutulutsa uku anthu akugwira ntchito pamwamba kumafuna chitetezo chokhwima, komanso gasiyo amaswa chitsulo cha paipi. N'chifukwa chake pa malo ambiri amasankha njira ya pakatikati yotchedwa managed pressure drilling, pomwe amaboola ndi madzi opepuka n'kumaonjezera kapena kuchepetsa pulesha ndi valavu ya pamwamba kuti ikhale pa muyezo umodzi nthawi zonse. Ife tikuona kuti chofunika kwambiri chimene paipiyi imapereka ndi kusasinthasintha kwa pulesha, kaya woboola wasankha kuiika pansi kapena pamwamba pang'ono pa ya mumwala.

FUNSO: Kodi pali kumene njirayi inagwiradi ntchito kwa nthawi yaitali, kapena ndi zongoyesayesa? — Wokayika

YANKHO: Kulipo, ndipo chitsanzo chachikulu ndi kumpoto kwa Alaska m'dziko la America. Mafuta a ku Prudhoe Bay anapezeka mu 1968 ndipo anayamba kutuluka mu 1977, atamaliza paipi ya makilomita pafupifupi 1,300 yopita kudoko la Valdez. Mu 1988 paipiyo inkanyamula migolo pafupifupi 2 miliyoni pa tsiku, mgolo umodzi kukhala malita 159, ndipo kuchokera pamenepo chiwerengerocho chinayamba kutsika. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 makampani a ARCO ndi BP anayamba kuboola nthambi ndi paipi yokulunga, ndipo pofika lero nthambi zoterozo kumeneko zilipo mazanamazana, kuphatikizapo za ku Kuparuk, kumene kampani ya ConocoPhillips yakhala ikuboola nthambi zingapo kuchokera m'chitsime chimodzi. Chimene chinawapindulira kwambiri n'chakuti anaphunzira kudutsitsa zida zonse m'kati mwa paipi yotulutsira mafuta ya mainchesi 4½ imene ili kale m'chitsime, osaizula, n'kukaboola dzenje la mainchesi 3¾ kunsi kwake. Kuzula paipi yotulutsirayo kukanafuna makina aakulu, ndipo kudera lozizira ngati limenelo, kumene nthaka yake ndi youndana ndipo malo oimikapo makina ndi ochepa, kupewa makina aakulu ndi phindu lalikulu.

Pa za kupeputsa pulesha ndi nayitirojeni, chitsanzo chodziwika ndi cha ku Sajaa, ku Sharjah m'dziko la United Arab Emirates, kumene BP inayamba ntchito yotere mu 2003 m'mwala wa laimu umene pulesha yake inali itatsika kwambiri, ngakhale kuti kumeneko chimene ankafuna makamaka ndi gasi. Kampani ya Saudi Aramco nayonso yagwiritsa ntchito njira yomweyi kwa zaka zambiri m'zitsime zake za gasi.

FUNSO: Ngati paipiyi ili ndi ubwino wonsewu, bwanji sinalowe m'malo mwa makina aakulu? Ndipo kodi chitsime chakale chilichonse chingabwereredwe? — Wowerenga wina

YANKHO: Sinalowe m'malo mwake chifukwa zofooka zake zimachokera pa chinthu chomwecho chimene chimaipatsa ubwino. Paipi yoti ikulungike iyenera kukhala yopyapyala ndi yofewerapo. Pa ulendo uliwonse wolowa ndi kutuluka m'chitsime, mbali iliyonse ya paipiyo imapindidwa kapena kuongoledwa kasanu ndi kamodzi: imaongoka pochoka pachigudumu, imapindika pa chitsulo chokhota chija, imaongokanso polowa mu injector, ndipo pobwerera imachita zomwezo chobwerera m'mbuyo. Aliyense amene anathyolapo waya pomupinda uku ndi uku akudziwa mathero ake. Pulesha ya m'kati ikakhala yaikulu chitsulocho chimatopa msanga, ndiponso chimafufuma pang'onopang'ono. Choncho makampani amasunga mbiri ya mita iliyonse ya paipi pa kompyuta, amadula kumapeto kwake nthawi ndi nthawi kuti malo opindika azisuntha, ndipo amaipumitsa isanafike pothyoka. Mtengo wa paipi yotayidwayo umalowa m'mtengo wa chitsime.

Vuto lina ndi la kukankha. Nthambi ikamatalika, paipi imakhula pansi pa dzenje, ndipo mukaonjezera mphamvu pamwamba imayamba kupindikapindika, kenaka imadzizunguliza m'khoma la casing mpaka kufika poti mphamvu yonse imene injector ikupereka imathera m'makoma, biti osalandirako kanthu. Apa m'pamene nthambi imathera, kaya mafuta akupitirira kapena ayi, ndipo n'chifukwa chake nthambi zambiri zimakhala za mamita mazana angapo kapena kupitirira pang'ono kilomita imodzi, pomwe makina ozunguza amagoneka dzenje makilomita angapo. Kusazungulira kumachititsanso kuti tizibenthu ta mwala tizikhazikika pansi pa dzenje logona, popeza palibe chotivundula, ndiye woboola amayenera kumabwerera m'mbuyo pafupipafupi uku akupopa kuti atisese. Dzenjelo ndi laling'ono, kotero mafuta amene lingatulutse ali ndi malire, ndipo chida chikathyokera m'menemo kuchivuula n'kovuta zedi, moti kawirikawiri amangothirapo simenti n'kuyamba nthambi ina pamwamba pake.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho ndi lakuti ayi, ndipo kwa ife kusankha chitsime ndi kumene kumagamula ngati ntchitoyo ipindule, kuposa luso la woboola. Akatswiri a miyala ayenera kusonyeza kaye, potengera mbiri ya zimene zitsime zoyandikana zakhala zikutulutsa ndiponso zithunzi za pansi pa nthaka zojambulidwa ndi mafunde a phokoso, kuti kathumba ka mafutako kalipodi ndipo kali pa mtunda umene paipi ingafike. Nthambiyo simabwezeretsa pulesha imene inatayika, imangoyandikira mafuta, choncho ngati mwalawo wafooka kotheratu ndipo palibe madzi kapena gasi wopopedwa woukankha, mafutawo sadzayenda ngakhale dzenje litawapeza. Kenaka amayeza chitsime chenichenicho. Amatsitsa chida choyeza ngati casing yadyeka ndi dzimbiri kapena yaphwanyika, china choyeza ngati simenti wa kuseri kwake akadali wogwira pa malo odzadula khomo, amapanikiza chitsimecho ndi madzi kuti aone ngati chikudontha, ndipo amatsitsa chitsulo cha kukula ndi kutalika kofanana ndi zida zoboolera kuti atsimikize kuti zidzadutsa pa malo onse opanikizika a m'paipi yotulutsira. Chitsime chimene simenti wake anasweka chikhoza kulola madzi kapena gasi kuyenda kuseri kwa casing n'kulowa m'nthambi yatsopanoyo, kapena kukwera mpaka m'madzi akumwa a pansi pa nthaka. Chitsime chotero amayamba achikonza ngati mafuta oyembekezekawo angabweze mtengo wa kukonzako, ndipo ngati sangabweze, amachitseka ndi simenti pa malo angapo, amadula mutu wake, n'kukafuna mafutawo kudzera m'chitsime china choyandikana nacho.